Mmene Ndinalimbanira ndi Yunanimasi

Nkhani iyi amuna anga anandiletsa kuti ndisamaikambe, ati imachotsa ulemu pabanja. Koma poti ku Senga Bay kuno ngakhale anyamata a kabaza akuidziwa, ndipo aliyense akuikamba mokhotetsa, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, sindikana. Koma ine ndimaikamba mutu uli m'mwamba.

Ine ndine Abiti Jafali. Ndimagula usipa kwa asodzi, kuufutsa, kuuyanika, n'kukaugulitsa ku Lilongwe. Ntchitoyi ndinaiyamba ndili ndi mwana woyamba kumsana, lero ndili ndi zidzukulu. Pagombe pano palibe amene sadziwa mawu anga. Ndikakuwa ndili pathandala langa, ngakhale amene ali m'bwato amatembenuka.

Chinanso chimene ndinkanyadira ndi Chingerezi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma ndagulitsa chambo m'maloji zaka zambirimbiri. "Fresh fish, madam." "Last price." "You are killing me, bwana." Mzungu akasochera n'kufika pamathandala, amayi anzanga ankandikankhira kutsogolo kuti ndilankhule naye. Ndiye mumtima mwanga ndinkadziwa kuti Chingerezi chonse chofunika padziko lapansi ndinachimaliza.

Tili ndi gulu la amayi oyanika nsomba. Chaka chatha bungwe lina linatimangira tenti yapulasitiki yoyanikiramo usipa, yoti mvula ikagwa nsomba zisaole, ntchentche ndi fumbi zisalowe. Tentiyo inafunika wapampando, munthu wosunga kiyi ndi kugawa masiku oyanika kuti pasakhale ndewu.

Mpando umenewo ndinkaufuna. Sindibisa. Anathamangitsa anthu amene ankafuna kutchinga mpanda pamalo athu oyanikira ndi ndani? Ine. Amalimbana ndi makondakitala akamaponda matumba athu ndi ndani? Ine. Ndinkaona kuti kiyi ameneyo akukwana bwinobwino pamfundo ya chitenje changa.

Tsoka lake, sabata yachisankho mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa ku Lilongwe anapita kuchipatala kukachira. Mayi sangasiye mwana wake pa nthawi ngati imeneyo. Ndinanyamuka kukamudikirira, koma ndinasiya mawu kwa mlembi wa gulu lathu, Esinati, kuti dzina langa lisachoke pa opikisana.

Esinati ndi mayi wa ku Lifuwu amene anakwatiwa kunyanja kuno. Anafika Fomu 4, ndipo sangamalize chiganizo osaponyamo Chingerezi.

Mwana wanga anachira bwino, kamwana kakakazi konenepa. Ndikubwerera m'minibasi, tili m'mapiri a ku Mvera kumene netiweki imabwera n'kuthawa, foni inalira.

"Halo, amayi! Ndine Esinati. Congratulations!"

"Zikomo mwanawe. Ndi wamkazi, tsitsi lambiri ngati agogo ake."

"Eee, zimenezonso! Koma ndikunena za chisankho. Tavota dzulo!"

"Wapambana ndani?"

Foni inayamba kulira ngati mafuta pamoto. Ndinangomva mapeto ake okha.

"... unanimous, amayi! Unanimous!"

"Wati ndani?"

"Unanimous! Manja onse m'mwamba, palibe ndi mmodzi yemwe wotsalira!"

Basi, foni thii, batire latha.

Yunanimasi? Ameneyo ndiye ndani? Kuti angakhale mawu a Chingerezi, maganizo amenewo sanandifike n'komwe. Chikanakhala Chingerezi ndikanachidziwa, si ine ndinachimaliza? Limeneli linali dzina la munthu basi.

Ndinayamba kuyendera amayi a m'gulu mwathu mmodzimmodzi m'mutu. Tisanafike pa Salima ndinali nditamupeza. Mariamu! Mkazi wa Yunusu, amene anangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi magalasi aakulu ngati a woyendetsa ndege. M'gulu anali atangolowa. Anthu akapita ku Joni amabwerako ndi mayina otalika, mwana wa achimwene anga anapita ali Ali, anabwerako ali Alisita. Ndiye Yunusu, kuphatikiza misisi, Yunusu-misisi, Yunanimasi! Ndinadziyamikira ndekha nzeru.

Kenako ndinapsa mtima. Munthu wobwera dzulodzuloli, wosadziwa kusiyanitsa usipa ndi bonya, manja onse m'mwamba? Ine amene ndaphika pamaliro a pakhomo lililonse, osapeza ngakhale dzanja limodzi lachifundo?

Nditatsika kabaza sindinalowe m'nyumba. Ndinalunjika kumathandala, kumene ndinapeza alamu anga Asiyatu, mlongo wawo wa amuna anga, akutembenuza usipa.

"Alamu, mwabwera!" anandikumbatira. "Alhamdulillah, tasangalala nanu!"

"Zikomo. Mwana ndi mayi ake ali bwino."

"Nanga za mpando mwamva?"

"Ndamva."

"Ndiye nkhope mwaikwinyiranji?"

"Alamu, ndiuzeni zoona. Inunso munakweza dzanja?"

"Dzanja? Ine ndinakweza onse awiri!"

M'bale wa m'nyumba, munthu amene ndimamubwereka beseni tsiku ndi tsiku!

"Munthu mwamusankhayo," ndinafunsa pang'onopang'ono, "mukumudziwa bwino?"

Asiyatu anandiyang'ana, kenako anamwetulira. Iwo ankayesa ndikucheza, ndiye analowa m'machezawo ndi miyendo yonse.

"Iii, timamudziwa! Pakamwa pake sipatsekeka. Akakwiya ngakhale agalu amabisala kuseri kwa mabwato. Womva zake zokha. Koma kuba sakudziwa, ndipo saopa munthu."

"Womva zake zokha n'kumupatsa kiyi?"

"Nanga tikanapatsa ndani? Ngakhale amene anatukwanana naye mwezi watha anamuvotera."

Ndinati mumtima, kani Mariamu kufatsa konse kuja ndi chilombo chotere?

"Munthu wa khalidwe limenelo," ndinatero, "ine sindingakhale naye gulu limodzi. Ngakhale kudya naye mbale imodzi sindingayerekeze."

Asiyatu anakhala pansi pamchenga, akuseka mpaka misozi. Ine ndinachoka ndikudziwa kuti alamu anga andipereka, ndipo akundisekanso.

Kunyumba ndinapeza amuna anga, a Che Amidu, atangochokera kumzikiti, akukonza nyali zopita nazo panyanja. Anafunsa za mdzukulu, ndinawayankha mwachidule. Kenako anati:

"Ndamva chisankho chayenda bwino."

"Kwa inu chayenda bwino?"

"Kwambiri. Amayiwa asankha mwanzeru. Munthu ameneyu ine ndimamudziwa kuposa wina aliyense pagombe pano."

Ndinasiya kumasula katundu. "Kuposa aliyense?"

"Eee. Kayendedwe kake, kakwiyidwe kake, tiyi wake wa shuga wambiri." Ananditsinzinira diso limodzi. "Ngakhale mkonono wake ndimaudziwa."

Mkonono!

Abale anga, mwamuna amaudziwira kuti mkonono wa mkazi wa mnzake? Pamsika? Kumzikiti? Ine kukagona pasimenti kuchipatala, kudikirira mdzukulu wawo, iwo kuno ali kalikiliki kuphunzira mkonono wa Yunanimasi! Ndiye n'kundiuza pamaso, akutsinzinira diso!

Pakamwa panga, pamene anthu amati sipatsekeka, tsiku limenelo panatsekeka. Anzawo anawaitana kugombe, iwo ananyamula nyali n'kumapita akuimba mluzu. Ndinatenga zovala zawo zonse, mikanjo ndi zisoti zomwe, n'kuzilonga m'thumba la usipa. Ndinati nkhani iyi sindiikambira m'nyumba. Mawa kuli mwambo wopereka kiyi, anthu onse adzakhalapo. Tikaonana kumeneko.

M'mawa mwake ndinavala ngati ndikupita ku Idi. Munthu akagwa pachisankho asagwenso pa zovala.

Patsogolo pa tenti panali anthu ambiri. Amayi a gulu anavala zitenje zofanana, alangizi a za nsomba anabwera panjinga yamoto kuchokera kuboma, asodzi amene anali atangotsika panyanja anakhala chapambali akusoka maukonde, amuna anga ali pomwepo. Kutsogolo kunali mpando woyalidwa nsalu yoyera.

Nditangotulukira, nthungululu! Amayi kuwomba m'manja, ena kuvina. Ndinati mumtima, onani anthu achinyengowa, akufuna kunditonthoza ndi nkhani ya mdzukulu.

Esinati anathamanga. "Amayi, this way, kutsogolo!"

"Ndikhala kumbuyo konkuno."

"Koma malo anu..."

"Malo anga ndawadziwa dzulo."

Ndinakhala pabeseni lovundikira, kumbuyo kwenikweni. Ndinamva wina akunong'ona kuti, "Taonani kudzichepetsa kwake." Posakhalitsa ndinaona magalasi aja akubwera. Mariamu! Anafika n'kugwada patsogolo panga, m'manja muli nsalu yatsopano yopindidwa bwino.

"Amayi, ndakubweretserani kamphatso."

Mtima wake! Kundilanda mpando, kundilanda mwamuna, kenako kundipukuta misozi ndi nsalu!

"Sunga," ndinatero. "Ukayale pamene umaliza mkonono."

Mwana wa eni anadzuka ali kakasi, n'kubwerera pamalo pake.

Alangizi anayamba kulankhula. Anayamikira gulu lathu, anati m'magulu ena zisankho zimathera kupolisi, koma kuno kunali bata. Kenako anakweza kiyi m'mwamba.

"Mwamwambo chabe, ndisanapereke kiyiyu kwa wapampando, alipo amene ali ndi chidandaulo?"

Ndinadzuka, beseni n'kugubuduka.

"Point of order!"

Anthu onse anatembenuka.

"Ine ndikutsutsa! Chisankho chimenechi chifafanizidwe!"

Alangizi anayang'ana Esinati, Esinati anayang'ana Asiyatu. "Amayi," anatero alangizi, "inuyo mukutsutsa?"

"Ineyo! Munthu mwamusankhayu sayenera mpando. Ndamva kwa alamu anga omwe, amene anamuvotera ndi manja awiri. Ndi wolongolola! Ndi waukali! Ndi womva zake zokha!"

"Zimenezo tikuzidziwa, amayi," mayi wina anayankha mokoma mtima. "Tinamusankha choncho."

"Mukudziwanso kuti amapasula mabanja?"

Panamveka kuti "Haaa!" Wina anati, "Astaghfirullah!" Gogo wina amene anakhala pafupi nane anandikoka chitenje. "Mwananga, zoulula machimo si pano. Khala pansi."

"Sindikhala! Amayenda ndi mwamuna wa mwini!"

"Wa ndani?" anafunsa Asiyatu, maso ali tong'o.

"Wanga! Achimwene anu omwewa! Anandiuza okha dzulo kuti amadziwa ngakhale mkonono wake!"

Amuna anga anaimirira, ukonde uli m'manja, kukamwa kuli yasa. Anayesa kulankhula, koma ndinawaloza chala, iwo n'kukhalanso pansi.

Apa ndinasonkhanitsa mawu anga onse, aja amatembenuza anthu m'bwato.

"Ngati ndi mkazi weniweni, Yunanimasi aimirire! Stand up!"

Zii. Kunkangomveka mafunde ndi akhwangwala. Ndinayang'ana uku ndi uku. Pa anthu onse aja, woimirira ndinali ine ndekha.

"Ukuopa chiyani?" ndinaloza Mariamu. "Si iwe misisi wa Yunusu? Si iwe Yunanimasi?"

Mariamu anavula magalasi. Maso ake anali atalengeza misozi. "Amayi, ine? Ine ndi amene ndinatchula dzina lanu kuti mukhale wapampando. A Yunusu anandiuza kuti pagombe pano mayi wolimba mtima ndi inu."

Ndinamva phokoso lachilendo kutsogolo, ngati injini ya boti ikukana kulira. Anali Esinati. Anagwira pamimba, akulephera kupuma.

"Amayi... pafoni paja... munamva kuti chiyani?"

"Unati wapambana ndi Yunanimasi!"

"Ndinati mwapambana ndi inu, ndipo it was unanimous!"

"Ndiye ameneyo ndi ndani?"

Gombe lonse linaphulika. Amayi kugwerana, asodzi kugubuduka pamaukonde. Alangizi anayesetsa kudzigwira, anatsokomola, anapukuta magalasi, kenako analankhula mwaulemu.

"Amayi, unanimous si munthu. Ndi mawu a Chingerezi. Anthu ambiri akagwirizana koma ena n'kukana, imeneyo timati majority. Koma onse akanena chimodzi, popanda ndi mmodzi yemwe wotsutsa, ndiye timati unanimous. Amanena za chigamulocho. Unanimous vote, unanimous decision."

"Ndiye kuti alibe mudzi?"

"Alibe."

"Sanakwatiwe?"

"Sakwatiwa, amayi. Manja onse aja anakwezera inuyo."

Mutu wanga unayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ngati lole yodzaza matumba. Pakamwa posatsekeka. Agalu obisala kuseri kwa mabwato. Tiyi wa shuga wambiri. Munthu amene ndinalumbira kuti sindingadye naye mbale imodzi, ndakhala ndikudya naye chibadwire!

Ndinatembenukira kwa amuna anga. "Ndiye mkonono uja..."

"Ndi wanu, amayi a Saidi," anayankha mofatsa. "Wina ndikaumvera kuti?"

"Ine sindiliza mkonono!"

"Mumaliza!" Amenewo anali amayi onse pamodzi, amene ndagona nawo m'maliro ndi m'maulendo a ku Lilongwe. Esinati anakuwa ali m'kati moseka, "Mwaona? Imeneyo ndiye unanimous!"

Ndinalakalaka mchenga utatseguka. Ndinapita kwa Mariamu, ine mayi wa zidzukulu, n'kugwada monga iye anandigwadira. "Mwananga, ndikhululukire. Ndakunyoza popanda chifukwa." Iye anapukuta maso, anaseka, n'kundikoleka nsalu ija paphewa. Mpaka lero tikagula usipa timagawana, ndipo kusiyanitsa usipa ndi bonya ndinamuphunzitsa ndine.

Koma ndikudzuka pamenepo, m'kati mwa manyazi onse aja, ndinamva chinthu china chikukwera pachifuwa. Ndinawayang'ana amayi aja mmodzimmodzi. Uyo ndinakangana naye za malo a thandala. Uyo ndinamuthira madzi a usipa kumapazi, mwadala. Uyo sitinalankhulane Ramadani yonse. Onsewo, ine kulibe, popanda wowaopseza, anakweza manja. Amandidziwa mmene ndilili, mkonono ndi zonse, koma anati kiyi asunge Abiti Jafali. Ndinaongola msana, nsalu yatsopano ili paphewa.

Alangizi anagogoda patebulo.

"Tsopano tili ndi vuto. Pa tsiku lovota chisankhochi chinali unanimous. Lero papezeka wotsutsa mmodzi, ndipo wotsutsayo ndi wopambana yemweyo. Chiyambireni ntchito sindinazionepo. Amayi, chidandaulo chanu mukuchichotsa, kapena tifafanize?"

Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, ndinakonza mpango kumutu, ndinauyang'ana mpando uja, kenako ndinakhalapo mwaufulu ngati ndinabadwira pomwepo.

"Bwana," ndinatero, "munthu uja ndamufufuza bwinobwino. Zoipa zimene ndinanena zija n'zoona ndithu. Koma za banja ndinamunamizira, mwamunayo ndi wake. Ndiye poti wina womuposa sindikumuona, nanenso ndamuvotera. Bweretsani kiyi."

Ndinakweza manja onse awiri.

Musanayambe kutukwana amene wapambana, yambani mwafunsa kaye ngati si inuyo.